Mtanda Wozondoka wa Petro Woyera



Lero Mpingo ukukondwerera chaka cha Petro ndi Paulo Oyera, ndipo Bambo Mfumu andipempha kuti ndilembe tsamba la chiphunzitso la sabata ino. Ndikanatha kungofotokoza mawerengo a lero n'kulekera pomwepo. Koma pali nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere kwa milungu itatu tsopano, ndipo ikukhudza Petro yemweyu. Ndiloleni ndiyambire pamenepo, ngakhale kuti m'nkhaniyi wochita bwino si ine.

Linali Loweruka masana. Ine ndi amayi atatu a mumphakati wathu tinapita kukazonda odwala ku Queens. Nthawi yolowera inali isanakwane, choncho tinakhala panja pamodzi ndi anthu ambirimbiri onyamula mabasiketi a nsima ndi mafulasiki a phala. Inu amene mumadutsa pa Ginnery Corner mukupadziwa bwino: makondakitala akukuwa za ku Limbe, ogulitsa nthochi akuitanira malonda, aliyense maso ali pa geti. Mmodzi mwa amayi aja anatulutsa kolona n'kuyamba kupemphera chamumtima. Pambali pathu panali bambo wina wachikulire, wa msinkhu wa bambo anga. Anayang'anitsitsa kolonayo kwa kanthawi, kenaka anatulutsa foni m'thumba n'kundigwira pamkono.

"Pepani achimwene, kodi inu ndinu Akatolika? Tandiuzani, ichi n'chiyani?"

Pa foniyo panali chithunzi cha Papa John Paul II atakhala pampando waukulu. Potsamira msana pa mpandowo panali mtanda wozondoka, mutu wake uli pansi. Wina anauzunguliza ndi mzere wofiira n'kulemba m'munsi mwake kuti umenewu ndi umboni wakuti Mpingo wa Katolika umapembedza Satana. Chithunzichi chinawapeza pa WhatsApp.

Ine ndinamva magazi akuthamanga. Ndinayankha ngati ndili m'chipinda cha mayeso: maina a anthu akale, zaka, mabuku, Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi chambiri kuposa mmene ndimayankhulira masiku onse. Anthu anayamba kutiunjirira. Mnyamata wina anaseka, ine n'kumva kukoma. Ndinamaliza ndi mawu akuti, "Bambo, musanafalitse zinthu muziyamba mwawerenga." Bambo aja anabweza foni m'thumba, anati, "Zikomo achimwene," ndipo geti linatsegulidwa.

Ndibwereranso kwa bambo amenewa. Poyamba ndifotokoze za mtandawo, chifukwa ambiri mwa inu chithunzichi munachilandirapo, ndipo ena munachifufuta msangamsanga muli ndi mantha osauza munthu.

Chithunzicho si chopeka. Chidajambulidwa m'mwezi wa March chaka cha 2000, pamene Papa John Paul II, yemwe uja adatiyendera kuno ku Malawi mu May 1989, ankatsogolera Misa pafupi ndi nyanja ya Galileya. Mtanda umene uli pampandowo umatchedwa mtanda wa Petro Woyera. Mwambo wakale wa Mpingo umatiuza kuti Petro adaphedwa ku Roma m'nthawi ya mfumu Nero, amene adayamba kuzunza Akhristu moto utapsereza mzindawo m'chaka cha 64. Petro adapachikidwa pamtanda chadodolido, mutu pansi miyendo m'mwamba, ndipo adachita kupempha yekha kuti zikhale choncho. Nkhaniyi simudzaipeza m'Baibulo, ndipo tisamachite manyazi kunena zimenezi. Baibulo limangotipatsa mawu a Yesu pa Yohane 21:18-19, pamene adauza Petro kuti akadzakalamba adzatambasula manja ndipo wina adzamutengera kumene iye sakufuna. Mlembi wa Mthenga Wabwinowo akuwonjezera kuti Yesu ankanena za imfa imene Petro adzalemekeze nayo Mulungu. Za kuzondokako tidazimva kwa Akhristu oyambirira. Origen adazilemba m'zaka za m'ma 200, Eusebius adazibwereza m'buku lake la mbiri ya Mpingo m'zaka za m'ma 300, ndipo Jerome Woyera adatchula chifukwa chake: Petro adadziona wosayenera kufa mofanana ndi Ambuye ake.

Ndiye Papa, amene ndi mlowam'malo wa Petro, akakhala pansi pa chizindikiro chimenechi, chimamukumbutsa mmene mwini mpandowo adathera. Makiyi amene tamva mu Mthenga Wabwino wa lero adapatsidwa kwa munthu amene pomaliza adafa mutu uli kufumbi.

Koma pali china chimene sindinawauze bambo aja, chifukwa chikanachepetsa chipambano changa. Iwo sanalakwitse zonse. N'zoona kuti masiku ano alipo anthu amene amazondotsa mtanda pofuna kunyoza Khristu. Opanga mafilimu oopsa ndi oimba ena a kunja akhala akuchita zimenezi, mpaka anthu ambiri pa dziko lapansi adayamba kuuona mtanda wozondoka m'filimu asanamvepo za imfa ya Petro. Munthu amene adaona zimenezo, kenaka n'kuona chizindikiro chomwecho kumbuyo kwa Papa, akadabwa si wopusa. Chizindikiro pachokha sichiyankhula. Chimafuna munthu woti anene kuti adachiika ndani, pa malo otani, ndipo ankatanthauza chiyani. Ngati ife eni ake sitinafotokoze, wina adzatifotokozera.

Chimodzimodzi ndi zilembo zitatu zija, IHS, zimene mumaziona pa nsalu za paguwa, pa zovala za Misa ndi pa mikate ina ya Ukaristia. Uthenga wina umene umazungulira m'mafoni umati ndi maina a milungu ya ku Ejipito. Zoona zake n'zakuti zimenezi ndi zilembo zitatu zoyambirira za dzina la Yesu m'Chigriki, chiyankhulo chimene Chipangano Chatsopano chidalembedwamo. Chimene chimaoneka ngati H ndi chilembo cha Chigriki chimene chimamveka ngati E. Bernardine Woyera wa ku Siena adafalitsa chizindikirochi m'zaka za m'ma 1400 polalika za dzina loyera la Yesu, ndipo ansembe a chipani cha Jesuit adachitenga kukhala chidindo chawo. Nkhani yake ndi yomweyo basi.

Kusamvetsetseka kotere sikunayambe ndi mafoni. Pa phiri la Palatine ku Roma, m'chaka cha 1857, anthu ofukula zakale adapeza chithunzi chozokotedwa pakhoma cha m'ma 200. Chikuonetsa munthu wopachikidwa pamtanda koma ali ndi mutu wa bulu, pambali pake mnyamata atakweza dzanja, ndipo m'munsi mwake muli mawu onyoza akuti Alexamenos akupembedza mulungu wake. Chimenechi ndi chimodzi mwa zithunzi zakale kwambiri za Yesu wopachikidwa zimene zilipo mpaka lero, ndipo adachijambula ndi munthu wachipongwe. Akhristu a nthawi imeneyo ankanenedwanso kuti amadya anthu, chifukwa akunja ankamva zakuti pamsonkhano pawo amadya thupi ndi kumwa magazi. Paulo Woyera adanena kale pa 1 Akorinto 1:23 kuti uthenga wa Khristu wopachikidwa udzakhumudwitsa ena, ndipo ena adzauyesa zopusa. Choncho wina akatinena za mtanda, tisadzidzimuke ngati kwagwa zachilendo. Makolo athu m'chikhulupiriro adazimva zoposa pamenepa, ndipo ambiri mwa amene ankawanyozawo pambuyo pake adabatizidwa. Sindikhulupirira kuti adakopeka chifukwa chogonja pa mtsutso.

Tisapeputsenso mantha amene anthu athu ali nawo. Kuno kwathu mawu akuti "satanic" si nthabwala. Munthu akalemera msanga, akamanga mpanda wautali, akavala mphete yachilendo, mawuwo amamutsatira. Tikukumbuka chaka cha 2017, pamene mphekesera za anamapopa zidayambira ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufika mu Blantyre muno, anthu osalakwa n'kuphedwa ndi magulu a anthu chifukwa chongowaganizira. Mphekesera yokhudza zizindikiro imayenda m'njira yomweyo: wina waona chinthu chimene sakuchidziwa, wina wamuuza tanthauzo loopsa, mantha n'kumaliza zotsalazo. N'chifukwa chake nkhaniyi ndi yofunika kuifotokoza, ndiponso n'chifukwa chake kuseka munthu wamantha sikuthandiza. Munthu wosekedwa amangosiya kufunsa, mantha aja ali nawobe.

Tsopano ndibwerere ku Queens.

Titalowa tinagawana mawodi. Patatha ola limodzi tinakumananso panja, ndipo mayi amene anatulutsa kolona aja, amene ndi wamkulu pa tonsefe, anandiitanira pambali. Anayankhula motsitsa mawu kuti anzathu asamve.

"Aphunzitsi, zimene munanena zija n'zoona. Koma bambo aja sanabwere kudzakangana nanu. Akazi awo ali gone m'katimu."

Anawapeza ku wodi ya amayi atakhala pambali pa bedi. Mkazi wawo ndi Mkatolika chibadwire, iwo ndi a mpingo wina, ndipo akhala m'banja zaka zambiri popanda vuto. Mayiyo amasunga kolona pansi pa pilo. Matenda atakula, achibale ena anayamba kunena kuti sakuchira chifukwa cha zinthu za Akatolika zimene akugona nazo, ndipo chithunzi chija anatumiza ndi iwowo, pofuna kuti bamboyo achotse kolonayo akaitenthe. Bambo aja anali pakati: kumvera abale awo, kapena kulanda mkazi wodwala chinthu chokhacho chimene akuchigwira usiku ululu ukakula. Atationa ndi kolona pa geti anaganiza kuti apeza wowathandiza. Anapeza ine.

Ndinafunsa mayi aja kuti nanga iwo anawauza chiyani. Sanatchule Origen kapena Eusebius; sindikukhulupirira kuti maina amenewa adawamvapo tsiku lija lisanafike. Anangowauza kuti Petro adati iye si woyenera kufa ngati Ambuye, n'chifukwa chake mtanda wake udazondoka. Kenaka anawagwiritsa kolona yawo m'manja n'kuwaonetsa: apa timanena Atate Athu, apa timabwereza moni umene mngelo adapereka kwa Maria pa Luka 1, ndipo pa chigawo chilichonse timasinkhasinkha za moyo wa Yesu. Pomaliza anawapempha kuti apemphere limodzi Atate Athu, pemphero limene mipingo yonse iwiri imalidziwa. Bambo aja anati kolonayo ikhale pomwe ili.

Ndinakwera minibasi yobwerera kunyumba ndili chete. Akuluakulu adati ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Ine ndinali nditafotokoza chizindikiro cha kudzichepetsa modzikuza, pamaso pa anthu, kwa munthu wa msinkhu wa bambo anga amene mkazi wake anali kudwala. Sukulu imene makolo anga adavutikira kundilipirira ndinaisandutsa chibonga. Paulo adachenjeza Akorinto pa 1 Akorinto 8:1 kuti nzeru zimatukumula munthu pamene chikondi ndicho chimamanga, ndipo ndime imeneyi ndakhala ndikuiphunzitsa kwa achinyamata a Ulimbitso ngati ikunena za anthu ena.

Chimene chanditonthoza masiku amenewa ndi moyo wa Petro mwiniwake, pakuti iyenso kudzichepetsa sadabadwe nako. Taonani Mthenga Wabwino wa lero, Mateyo 16:13-19. Petro wayankha bwino funso la Yesu, wayamikiridwa pamaso pa anzake, wapatsidwa dzina latsopano ndi makiyi. Mawerengo a lero alekera pamenepo, koma mukafika kunyumba pitirizani ndime zinayi zotsatira. Yesu atangoyamba kunena za masautso ndi imfa yake, Petro yemweyo, mutu utakula ndi chiyamikiro chija, akumutengera Yesu pambali n'kuyamba kumudzudzula. Ndipo pamenepo Yesu akumutchula kuti Satana. Ndimaona kuti n'zochititsa chidwi: anthu amati mtanda wa Petro ndi wa Satana, pamene m'Malembo Petro adamva dzina limenelo nthawi imene ankaukana mtanda. Yesu adaona ntchito ya mdani m'maganizo ofuna Mesiya wopanda kunyozeka, wongopambana basi. Maganizo amenewo ndiwo ndinali nawo pa geti paja.

Petro sadaphunzire tsiku limodzi. Pa Mgonero Wotsiriza adakana kuti Yesu amusambitse mapazi. Kukana kumeneku kumaoneka ngati ulemu, koma mkati mwake munali kusafuna kutumikiridwa, kusafuna kukhala wosowa. Usiku womwewo adadzitama kuti ngakhale ena onse athawe iye yekha sadzathawa, ndipo tambala asanalire anali atakana katatu, poyamba pamaso pa mtsikana wantchito. Ngakhale pambuyo pa Pentekoste, ali kale mtsogoleri wa Mpingo, adaterereka ku Antiokeya: adasiya kudya ndi Akhristu a mitundu ina poopa zonena za anthu, mpaka Paulo adamudzudzula pagulu, monga tikuwerengera pa Agalatiya 2:11-14. Lero awiriwa tikuwakondwerera tsiku limodzi. Munthu amene adapempha kuti mtanda wake uzondoke anali nkhalamba imene idagwa kambirimbiri n'kudzutsidwa kambirimbiri, mpaka idadziwa kuti chimene chaiimika si mphamvu zake. Ndipo ndi m'kalata yake yoyamba, 1 Petro 3:15-16, mmene timalangizidwa kuti tikhale okonzeka kuyankha aliyense wotifunsa za chiyembekezo chathu, koma tiyankhe mofatsa ndi mwaulemu. Gawo loyamba la malangizowo ndinalisunga. Lachiwiri linasungidwa ndi mayi wa mumphakati wathu.

Ndisanamalize, tidziyang'anenso tokha, chifukwa osamvetsa zizindikiro zathu si akunja okha. Ndi angati mwa ife amene kolona ili pagalasi la galimoto koma chaka chatha tisanaipemphere? Imakhala pamenepo ngati chithumwa choletsa ngozi. Madzi odalitsidwa ndi chikumbutso cha ubatizo wathu, koma ena timawawaza m'malire a puloti ngati mankhwala otsirikira, mitima ili yodzaza ndi chidani pa mnansi amene tikumuganizira ufiti. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 2111, amanena mosabisa kuti kuika mphamvu pa chinthu chooneka chokha, popanda mtima woyenera, n'kugwa m'zikhulupiriro zachabe. Mnzathu wa mpingo wina akationa tikuchita zimenezi n'kunena kuti Akatolika ali ndi zithumwa, tisathamangire kukwiya. Mwina wangonena zimene waona.

Za mafano ndi zithunzi za oyera, Mpingo udafotokoza kale pa msonkhano waukulu wa aepiskopi ku Nicaea m'chaka cha 787: ulemu umene timapereka pa chithunzi umapita kwa mwini chithunzicho, ndipo wopembedzedwa ndi Mulungu yekha. Koma chiphunzitsochi chimamveka pokhapokha ngati moyo wathu ukufanana ndi wa amene tikumugwadirayo. Pa Lachitatu la Phulusa timalandira chizindikiro chakuti ndife dothi, ndipo tsiku lomwelo timamva Yesu pa Mateyo 6 akutiletsa kuonetsera mapemphero ndi kusala kwathu. Komabe pofika 9 koloko m'mawa phulusalo lili kale pa Facebook. Inenso ndidachitapo. Yunifomu za magulu athu ndi zovala za utumiki, koma tonse tikudziwa mikangano imene imabuka pa nkhani ya wokhala kutsogolo, wonyamula zopereka Ambuye Aepiskopi akabwera, ndi amene dzina lake laiwalika pa zolengeza. Papa Gregory Wamkulu, amene adatsogolera Mpingo kuyambira 590 mpaka 604, ankadzitchula mtumiki wa atumiki a Mulungu, ndipo apapa akugwiritsabe ntchito dzina limeneli mpaka lero. Ife a m'makomiti ang'onoang'ono nthawi zina timafuna maina aakulu kuposa pamenepo.

Kudzichepetsa kumene ndikunena sikutanthauza kukhala chete chikhulupiriro chathu chikamanamiziridwa. Bambo aja ankafunika yankho, ndipo akanapeza Mkatolika wongoti "sindidziwa, ndi zimene timachita basi," kolona ija mwina ikanapsa. Tiyenera kudziwa, ndipo ambiri mwa ife tidasiyira kuphunzira pa kalasi ya Ulimbitso. Chimene ndikupempha n'chakuti wina akakuonetsani chithunzi chotere, ku ofesi, m'minibasi kapena pa maliro, muyambe mwamufunsa kuti wachitenga kuti ndipo chikumuvutitsa n'chiyani. Funso limenelo likanangonditengera mphindi imodzi. Ngati ndi wamkulu kwa inu, mupatseni ulemu wake ngakhale walakwitsa. Ngati pali anthu, mutengereni pambali. Ngati pali mbali imene akunena zoona, vomerani. Ndipo ngati yankho mulibe, muuzeni kuti mukafunsa, n'kubwereradi.

Lachiwiri lotsatira ndinaweruka msanga kuntchito n'kupitanso ku Queens kuti ndikapepese. Ndinapeza pabedi paja pali wodwala wina. Oyandikana nawo anandiuza kuti mayi aja anatulutsidwa Lolemba. Dzina la bambo aja sindinawafunse tsiku lija, chifukwa ndinali wotanganidwa ndi kuyankhula.

Loweruka likudzali, ikangotha Misa ya m'mawa, tidzakhala ndi phunziro la zizindikiro za Mpingo mu holo ya parishi. Bwerani ndi zithunzi ndi mauthenga onse amene mwalandira m'mafoni, ngakhale amene mukuchita nawo manyazi. Amene muli pabanja ndi a mipingo ina, aitaneni abwere nawo; palibe amene adzasekedwe. Mayi amene anandidzudzula aja avomera kudzakhala nane kutsogolo. Ndipo pa Misa ya lero, pa mapemphero a Akhristu, ndikupempha kuti mukumbukire mayi wina amene ali kunyumba kuchira, pamodzi ndi amuna ake.